Kufewetsa mkuwa ndi brasi pamoto: ndalemba kuti ndileke kubwereza pakamwa

Funso limene anthu amandifunsa ndi limodzi, limangosintha malaya. Makaniko wa njinga zamoto ku Kapata, kuno ku Chipata, amati washa ya pabawuti yotulutsira oyilo ikudonthabe chonsecho wamanga mpaka sipanala kuterereka. Wachigayo cha dizilo amati injekita ikupumira m'mbali. Wokonza mafiriji amati paipi yang'ambika poifutukula kukamwa. Ndiye pali anyamata opanga zibangili ndi mphete zokagulitsa pa Nc'wala ku Mtenguleni kapena pa Kulamba ku Mkaika, amene amabwera ndi chibangili chothyoka pakati, chathyoka popinda komaliza ntchito yonse itatha kale. Onsewa vuto lawo ndi lakuti mkuwa wauma, ndipo mankhwala ake ndi kuubwezera pamoto. Tsopano werengani, mukadzandifunsanso ndidzangokulozerani pano.

Choyamba tigwirizane mayina. Ndikati mkuwa ndikunena wofiira uja, umene ambiri kuno amati kopala, wa mawaya a magetsi ndi mapaipi a firiji. Ndikati brasi ndikunena wachikasu, amene ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Akuluakulu ankazitcha zonse mkuwa, ndipo waya wake wovala m'manja ankati nsambo, koma pamoto ziwirizi sizichita mofanana, n'chifukwa chake ndazilekanitsa.

Chachiwiri, chotsani m'mutu zonse zimene munaphunzira posula khasu ndi nkhwangwa. Chitsulo cha sipuling'i mukachiotcha n'kuchiviika m'madzi chimalimba. Mkuwa ndi brasi sizitero. Izi zimaumitsidwa ndi nyundo, kupinda, kukoka ndi kufinyidwa, ndipo zimafewetsedwa ndi moto basi. Tengani kawaya ka mkuwa mukapinde uku ndi uku pamalo amodzi. Poyamba kamvera, kenaka mumva kakukana, kenaka kathyoka. M'kati mwa mkuwa muli timbewu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mukamapinda timapotana n'kutsekerezana mpaka palibenso koti tisunthire. Moto ukafika pamlingo wake, timbewu tatsopano tosapotana timabadwa m'malo mwa takale, ndipo mkuwa umamveranso. Luso limeneli si lachilendo m'dziko muno: ku Ingombe Ilede, kufupi ndi Zambezi, ofukula zakale anapeza mitanda ya mkuwa, zibangili ndi zida zokokera waya, ndipo palibe amene angakoke waya wautali osaubwezera pamoto.

1. Dziwani chimene mwagwira m'manja

Yambani ndi maginito. Ikamata, chimenecho ndi chitsulo chongopakidwa mkuwa pamwamba, chisiyeni. Kenaka palani ndi tupa pakona. M'kati mukaoneka moyera, ndi aluminiyamu wovekedwa mkuwa, monga mawaya ambiri otsika mtengo a masiku ano. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 a Celsius osafiira n'komwe, mungoona wagwa pansi ngati dontho musanadziwe.

Brasi nayenso ali mitundu. Wa mapepala opyapyala ndi makoko a zipolopolo amakhala ndi magawo 70 a mkuwa ndi 30 a zinki, ndipo ndiye womvera nyundo kuposa onse. Wa mipopi, maloko ndi manati a paipi amakhala ndi zinki wochuluka komanso mtovu pang'ono woti azisemeka bwino pamakina. Ameneyu ngakhale mumuotche bwanji sapindika mokondweretsa, ndipo mphete ya mtovu si yoti mwana aziyamwa.

Pali zinthu zimene kulimba ndiyo ntchito yake: timasipuling'i, timano ta m'soketi ndi m'maswichi, magiya a brasi. Mukazifewetsa mwazipha. Chilichonse chomatidwa ndi soda ya aini (chomatira chosungunula ndi aini yotentha), monga radiyeta, chimamasuka motowo usanafike ndi theka lomwe, choncho kufewetsa kumayamba, kumata kumatsatira.

Ndinenepo za gwero. Mnyamata akabwera usiku ndi mtolo wa waya wonenepa wodulidwa mwaukhondo, mukudziwa kumene wachokera. Mawaya a ZESCO, kampani ya magetsi, amamangitsa wogula ndi wogulitsa yemwe, ndipo mdima wake tikhalamo ndife tomwe. Mamota opsa ndi mafiriji akufa alipo okwanira.

2. Tsukani musanaotche

Oyilo, girizi, utoto ndi vanishi ya pawaya wa mota zichoke kaye. Zikapsera pamenepo zimasiya mabala, zimabisanso mtundu wa moto umene mukufuna kuona. Pulasitiki ya pawaya isendeni ndi mpeni, musaitenthe. Utsi wake umapweteka chifuwa cha inu ndi cha ana a oyandikana nawo. Ngati munatsukira petulo, dikirani iume ndipo chigubu chipite kutali.

Okonza mafiriji, paipi ichoke pamakina ndipo mbali zonse ziwiri zikhale zotsegula. Mafiriji ambiri atsopano amayendera R600a, gasi woyaka ngati wophikira, ndipo magasi akale akakhudza lawi amasanduka utsi wapoizoni.

3. Konzani malo ndi moto

Mukufunika mbaniro kapena pulayazi yaitali, kawaya kachitsulo kokolowekapo mawasha, njerwa zootcha ziwiri kapena zitatu zouma bwino, ndowa ya madzi, ndi sopo wamtanda. Musaotchere pasimenti kapena panjerwa yonyowa, zimathetheka n'kukulasani kumaso. Musaotchere palata, chifukwa lata nalo ndi lopakidwa zinki, ndipo utsi wa zinki umadwalitsa.

Moto uliwonse mwa iyi ugwira: mbaula ya malasha oyaka bwino opanda utsi, chitofu cha gasi, blowlamp ya palafini, kapena chipala chamvukuto. Ine ndimakonda malasha pa mawasha ndi waya, chifukwa amatentha mofatsa mbali zonse ndipo sasiya makoko akuda ochuluka. Moto wa kabaidi wowotcherera umapitirira madigiri 3,000. Ngati ndi wokhawo muli nawo, ukhale patali ndipo dzanja lisaime.

Malowo akhale amthunzi wandiweyani koma opita mphepo. Apa anthu amasokoneza: amamva kuti pafunika mdima, n'kulowa ndi mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko. Mpweya wa malasha sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso. Chisakasa chotseguka mbali, madzulo dzuwa litalowa kuseri kwa phiri, ndiye malo ake.

4. Kuotcha, ndi kudziwa poleka

Ambiri okuuzani za ntchitoyi amangoti otchani mpaka ufiire. Kufiira kwake kuti? Padzuwa la Okutobala la kuno ku Chipata, chimene diso likuona kuti chayamba kufiira chimakhala chitapsa kale. Mumdima, chinthu chimayamba kuoneka kufiira cha pa madigiri 525 kupita m'tsogolo. Pamasana kufiira komweko simukuona, mudzakuona kutentha kutapitirira kale ndithu.

Manambala ofunika ndi awa. Mkuwa umafewa kuyambira cha pa madigiri 400 mpaka 650, ndipo umasungunuka pa 1,085. Brasi wa 70 ndi 30 amafewa kuyambira cha pa 425 mpaka 750, koma amayamba kusungunuka cha pa 915, ndipo zinki payekha amawira pa 907. Mukuona kusiyana kwake: mkuwa uli ndi mpata waukulu pakati pa kufewa ndi kuonongeka, brasi mpata wake ndi wochepa. N'chifukwa chake munthu wozolowera mawasha a mkuwa amatentha brasi tsiku loyamba.

Popeza tilibe choyezera, timawerenga zizindikiro, ndipo zimabwera motsatana chonchi.

Musanaike pamoto, jambulani mzere wa sopo pachinthucho. Chikayamba kutentha muona mitundu ikuthamanga pamwamba: wachikasu, wofiirira, wabuluu, kenaka kuda. Mitundu imeneyi ndi yokongola koma musaikhulupirire, imasintha malinga ndi mmene munatsukira. Mzere wa sopo ukada bii, mwafika cha pa madigiri 400. Apa ndiye pakhomo, simunalowe. Chepetsani liwiro, maso asachoke.

Chotsatira ndicho mukufuna. Chotsani chinthucho pamoto kamphindi, chilowetseni pamthunzi wa njerwa kapena m'chitini chakuda chogoneka, muyang'ane. Muone kufiira kozimirira, kwa khala limene latsala pang'ono kuzima, koti muyenera kuyang'anitsitsa kuti mutsimikize kuti kulipo. Kwa brasi, lekerani pomwepo. Kwa mkuwa mukhoza kupitirira pang'ono mpaka kufiirako kuoneke mosakayikitsa, palibe choopsa. Musayang'ane chinthu chili m'kati mwa lawi kapena pamakala, chifukwa kuwala kwa motowo kumanyenga diso, ndipo diso limene langoyang'ana makala limafuna kanthawi kuti lizolowere mdima.

Mukaona mtundu wa lalanje, mwapitirira. Mukaona utsi woyera ukufuka pabrasi, kapena lawi likusanduka lobiriwira mowala, zinki akuthawa. Chotsani msanga ndipo musapume utsiwo. Umadwalitsa ngati malungo usiku wake, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi, mpaka wina kukayezetsa malungo osawapeza.

Nthawi yake ndi yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Washa kapena pepala lopyapyala likangofika pa kufiira kuja latha, masekondi ochepa akwana. Ndodo yonenepa ngati chala ipatseni kanthawi kuti kutentha kulowe m'kati. Kusiya chinthu pamoto nthawi yaitali kuti chifewe kwambiri ndi kulakwa kumene ndimakuona kawirikawiri. Timbewu tija timangokulirakulira, ndipo mukadzapinda, khungu la kunja limatuluka lokhakhala, lamanyamanya, ndipo chinthucho chimang'ambika msanga kuposa chofewetsedwa bwino. Chikakhala chochindikala mukhoza kuchipulumutsa pochisula ndithu n'kuchifewetsanso moyenera. Chopyapyala, kapena brasi amene m'mphepete mwake mwatuluka timatuza, n'cha kumulu wa sikirapu.

Palinso nkhani ya kufanana kwa kutentha. Mkuwa umathamangitsa kutentha kwambiri, choncho pulayazi yaikulu ikagwira washa, mbali yogwidwayo imakhala yozizira n'kutsala youma. Washa yofewa mbali imodzi imadontha kuposa yakale. Ikoloweke pakawaya kachitsulo muziitembenuza. Chinthu chokhala ndi ponenepa ndi popyapyala, lozani moto ponenepa, popyapyala patenthedwa pokha. Waya muukulunge nkhata yothinana, mumange ndi kawaya kena kuti nsonga zisatuluke, apo ayi nsongazo zisungunuka m'kati musanatenthe. Paipi yoti mufutukule kukamwa, otchani nsonga yokha, utali wa chala, ndipo muziizunguliza.

Ngati ndi koyamba, musayambire pantchito ya kasitomala. Dulani tizidutswa tinayi ta chinthu chomwecho. Koyamba kachotseni sopo akangoda, kachiwiri pa kufiira kozimirira, kachitatu pa kufiira kowala, kachinayi kasiyeni mpaka lalanje. Tikazizira tipindeni ndi zala motsatana, muyang'ane khungu la popindapo. Zala zikuphunzitsani zimene ine sindingathe kulemba.

5. Madzi kapena mphepo

Apa ndi pamene timakangana ndi osula. Kuviika m'madzi sikulimbitsa mkuwa, sikuufewetsanso. Kufewa kunachitika kale pamoto. Madzi amangokupulumutsani nthawi ndi zala, komanso amagwetsa makoko akuda aja. Mkuwa uviikeni nthawi yomweyo ngati mukufuna. Brasi mudikire kufiira kuzimiririke kaye, chifukwa brasi wina, makamaka wamtovu uja, amang'aluka akadzidzimutsidwa ali wofiira. Paipi muiviike kukamwa kutaloza kumbali, imalavula nthunzi ndi madzi otentha.

Ndipo osula, gwirani dzanja lanu. Mwambo wanu ndi kumenya chikadali chofiira. Brasi wa m'sikirapu mukamumenya ali wofiira amanyenyeka pachipala. Ameneyu timasula atazizira.

6. Chotsani makoko

Viniga ndi mchere pang'ono m'chidebe cha pulasitiki kapena botolo, kapena madzi a mandimu. Bwemba woviika nayenso amagwira. Akakhala ofunda amafulumira. Musaikemo msomali kapena pulayazi yachitsulo, chifukwa mkuwa wosungunuka m'madzimo umamata pabrasi n'kumufiiritsa. Brasi akatuluka wofiirira pamwamba musadabwe, ndi khungu chabe limene zinki wake wachoka, sandipepa wosalala amalichotsa. Mukatha tsukani ndi madzi a soda wophikira, kenaka madzi oyera, muumitse. Asidi wa batire ena amagwiritsa, koma ine sindikulangizani. Diso ndi limodzi likapita lapita, ndipo viniga amamaliza ntchito yomweyo mukapirira.

Paipi ya firiji makoko ake oopsa ali m'kati. Kachidutswa kamodzi kakalowa m'kapaipi kakang'ono kodutsamo gasi, firiji yaleka kuzizira. Pukutani m'kati mwa nsonga, muipemerere, iume kotheratu musanalumikize.

7. Gwirani ntchito, ndipo mubwerere pamoto isanathyoke

Washa ikayera, igonekeni pasandipepa woyala pagalasi, muizungulize mbali zonse ziwiri mpaka mzere wakale wa bawuti uchoke. Ngati mzerewo ndi wakuya, kapena washa yapyapyala n'kufutukuka, tayani. Imagwira kamodzi: mukamanga yaumanso, mukadzamasula muyambirenso. Mawasha a aluminiyamu ndi aja okhala ndi labala m'kati saotchedwa. A mabuleki gulani atsopano, moyo wa wokwera suli pamtengo wa washa. A mainjekita a galimoto za dizilo zamakono nawonso atsopano, chifukwa kuchindikala kwa washa ndiko kumaika nsonga ya injekita pamalo ake. Njira yathuyi ndi ya chigayo, pampu ya kudimba ndi thirakitala yakale, pamene sitolo ili kutali ndipo anthu ali pamzere ndi matumba a chimanga.

Opanga zibangili, mverani nyundo. Mkuwa wofewa umalira mogonthera ndipo nyundo imalowa. Ukayamba kulira mokweza, nyundo n'kumadumpha, mukaupinda n'kumabwerera, wauma. Musati nditsirize kaye kamodzi aka, kamodzi ako ndi kamene kamathyola. Ngati mukupyapyalitsa, bwererani pamoto kuchindikala kusanatsike ndi theka. Mukhoza kufewetsa kangapo konse, malinga simukupsereza. Komaliza kokha musafewetse: chibangili chimafunika chitsale cholimbirako kuti chigwire mkono, ndiye nyundo zomaliza zopepuka ndizo zimachipatsa msana.

Kusunga nako kuli ndi msampha wake, ndipo kwa ife alimi ndi wapafupi. Brasi wouma ndi nyundo akakumana ndi mpweya wa amoniya ndi chinyezi amang'aluka yekha ali chikhalire. Asilikali a Britain ku India ndiwo anazionera: makoko a zipolopolo zosungidwa m'makola a akavalo nyengo ya mvula ankapezeka ong'aluka, ndipo pofika 1921 zinadziwika kuti wolakwa ndi amoniya wa mumkodzo wa akavalo. Ndiye brasi wanu asagone m'chipinda chimodzi ndi matumba a feteleza wobereketsa, kapena pafupi ndi khola la nkhuku ndi la nkhumba. Mankhwala ena opukutira brasi nawonso ali ndi amoniya, fungo lake lolasa m'mphuno limadziulula lokha.

Za makoko a zipolopolo

Awa amandifikira kuchokera kwa anthu awiri osiyana, ndipo yankho lawo si limodzi.

Woyamba ndi wopanga zokongoletsa amene wapatsidwa makoko ogwiritsidwa kale ntchito ndi mlenje wa laisensi, akufuna kudula ndolo kapena mphete. Brasi wake ndi wabwino zedi, ndi uja wa 70 ndi 30. Koma musanayandikize kumoto, yang'anani kuthako. Pali kabatani kamene kamayatsa onga. Kakhale kobooka pakati ndi msomali wa mfuti, ndipo m'kati mwa khoko muone kuti mulibe kanthu. Ngakhale kali kobooka, chekani thakolo ndi sowo mulitaye padera, muotche chipaipi chokhacho, chifukwa kabatani kena kamamenyedwa koma osaphulika. Chipolopolo chathunthu chotola kutchire si cha pamoto, si cha pachipala, si cha m'thumba, kauzeni apolisi. Makoko ena, makamaka a mfuti zankhondo, ndi achitsulo chopakidwa mkuwa, maginito ikuuzani.

Wachiwiri ndi mlenje amene wamva kuti kunja anthu amafewetsa makoko kuti awadzazenso. Zoona amatero, koma si ntchito imene ndafotokoza pamwambapa. Khoko limapangidwa dala lolimba kuthako ndi lofewa kukhosi. Khosi limauma likamafutukuka ndi kufinyidwa mobwerezabwereza mpaka kung'aluka, ndiye amafewetsa khosi ndi phewa pokha, masekondi owerengeka, ndi utoto wapadera wosungunuka pa madigiri odziwika wowauza poleka. Thako liyenera kutsala lolimba monga linachokera kufakitale, chifukwa ndilo limatseka mphamvu yonse ya onga kuti isabwerere kumaso kwa wowombera. Thako lofewa silioneka ndi maso ndipo palibe njira yolilimbitsiranso. Mbaula, chitofu ndi chipala zimatentha khoko lonse nthawi imodzi, ndiye pantchito imeneyo n'zosayenera m'pang'ono pomwe. Komanso mfuti ndi zipolopolo m'Zambia zili pansi pa lamulo la mfuti, Firearms Act, Cap 110. Kukhala ndi laisensi ya mfuti musakutenge ngati chilolezo chodzaza zipolopolo kunyumba, kafunseni kupolisi kumene munalembetsa mfutiyo musanagule chida chilichonse.

Khoko lililonse limene lalowa pamoto wanu, kapena limene mwalitola pamalo opsa ndi moto wa lupsa, liphwanyeni kukamwa ndi nyundo musanaliponye musikirapu, kuti wina asadzalitole n'kuliyesa labwino.